Kabotolo ka Dalaivala

"Ndiye mwakhala pansi, apongozi? Mwana wanga ali chigonere m'chipindamo, madzi osamba sanafike, inu mwatambalala pakhonde ngati mlendo wodikira basi?"

Telala anatsitsa mapazi ake pa kampando pang'onopang'ono, limodzi kenako linzake. Dzina limeneli anthu anamupatsa chifukwa cha makina osokera amene ankakhala pakhonde pomwepo, koma sabata imeneyo makinawo anali ofunda nsalu. Mapazi owapalasa anali atatupa mpaka akakolo osaoneka.

"Ndangoti ndipumeko pang'ono, amayi. Kuchitsime ndachokako posachedwapa."

"Kupuma! Wodwala ndani pakhomo pano, inu kapena amuna anu? Achipatala apeza matenda a impso mwa mwana wanga, impso zenizeni, inu mukuti mapazi. Mapazi ndani alibe? Ine ndinkalima mimba ili apa, sindinaikepo phazi pampando."

"Mutunso ukundipweteka, amayi."

"Mutu ndi wa tonse. Golosale ili apo, mapilisi ali mbwee. Galu wamkota sakandira pachabe, apongozi, ine ndinaona kalekale kuti ntchito mumaiopa. Kagwireni nkhuku yoyera ija. Wodwala afunika msuzi."

Telala anayang'ana chitseko cha kuchipinda. Mwamuna wake, Dalaivala, woyendetsa lole ya kampani yogula mbewu, anali maso m'katimo. Bedi linalira kamodzi, kenako kunali zii.

Anakagwira nkhuku ija, anatereka madzi, ndipo apongozi ake atatsikira kudimba kukathyola masamba, analowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

"Mwamva?"

"Ndamva," anatero Dalaivala, maso ali kudenga. "Amayi umawadziwa kale. Ndi pakamwa chabe."

"Sindikunena za pakamwa pawo. Ndikunena za panu. Mkodzo uja unali wa ndani?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Ndatsitsa. Unali wa ndani?"

"Unali wako. Ndiye ukufuna ndikwere padenga ndilengeze?"

"Lamlungu lija munabwera mukudzandira, kabotolo ka kuchipatala kali m'thumba. Munati mawa lake madalaivala onse akapereke mkodzo wa m'mawa, ndipo akapezamo mowa ntchito yatha. Munandichonderera kuti ndidzazemo ine. Ndinadzaza. Lero akuti muli mapuloteni, akuti impso zikutaya zinthu zofunika kukhala m'thupi. Impso za ndani, bambo?"

"Mwina zoyezera zawo zinalakwitsa."

"Nanga mapaziwa alakwitsanso? Nkhope yanga m'mawa mumaiona mmene imakhalira. Ndikakodza pamachita thovu ngati ndathirapo sopo. Ndinakuuzani mvula isanayambe, munati ndi kupalasa makina."

Dalaivala anadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pakati pa mawondo.

"Tamvera. Andipatsa masabata awiri kuti ndipume, kenako ndikayezetsenso. Ndikapereka wanga, aona kuti ndili bwino, ndibwerera pa lole. Zikatero ndidzakutengera kuchipatala ine ndemwe. Koma ukapita lero, namwino ndi yemwe uja. Aona mkazi wa dalaivala wabwera ndi matenda omwewo, nyumba imodzi, sabata imodzi. Ngopusa iyeyo? Akakauza akapitawo, tidya chiyani?"

"Zengerezu analinda kwawukwawu."

"Masabata awiri okha, mayi. Ndapota nawe."

Telala anatola kapu ya tiyi imene mwamuna wake anamwera n'kutuluka, poti madzi osolera nkhuku anali atawira.

Masiku otsatirawo pakhomo panali ngati pamsika. Mbiri inali itawanda kuti Dalaivala wapezeka ndi matenda a impso, ndipo anthu ankabwera kudzamuzonda. Azakhali ake anafika ndi mazira m'kambale. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba ndi kupemphera, mpaka wina anagwetsa misozi. Anzake a pa lole anabweretsa shuga ndi buledi, n'kumuuza kuti asadandaule, galimoto yake akuisamala. Mlendo aliyense ankafunika mpando, madzi akumwa ndi tiyi, ndipo zonsezi zinkadutsa m'manja mwa Telala. Akamapita ndi thireyi, anthu ankamuuza kuti, "Muwasamale amuna anu, matenda amenewa ngoopsa." Iye ankangoti, "Ndamva."

Mayi wina amene anasiya nsalu za yunifolomu ya ana ake anatopa n'kudikira, anabwera kudzazitenga zosasoka. Telala anamupindira bwinobwino, anapepesa, anamuperekeza mpaka pamsewu.

Loweruka kunabwera mng'ono wake wa Dalaivala, wokonza njinga pamsika, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Anamupeza mkulu wake pakhonde akunyambita zala.

"Achimwene, matenda anuwa mundipatsireko. Masaya atuluka chonchi! Impso zikamadwala munthu amasalala?"

"Usaseke, iwe," anatero mayi awo. "Chisamaliro changa chimenechi."

Telala anabwera ndi madzi osamba m'manja n'kuwerama movutikira. Wokonza njinga anamuyang'ana, ndipo kuseka kuja kunatha.

"Koma alamu, inu ndiye mukuoneka ngati wodwala. Zikope zatupa bwanji chonchi? Patapata mwangomukoleka ku zala."

"Kunenepa kumeneko," anayankha msanga mayi aja. "Akudya zotsala za wodwala."

"Kunenepa kwa mapazi okha, amayi? Ine tayala lopopa bwino ndi lotupa pambali ndimazisiyanitsa. Achimwene, mwawaona alamuwa?"

Dalaivala anayamba kutsokomola, anati kafupa kamutsamwa. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Dzuwa litapendeka, anamutsatira mkazi wake kukhitchini atabisa ntchafu ya nkhuku m'kambale.

"Idya, amayi asanabwere."

"Ndikadya ntchafu impso zichira?"

"Ndikuyesetsa, iwe."

"Mukuyesetsa kunenepa."

Dalaivala anafuna kuseka, koma anaona kuti mkazi wake watsamira khoma, watseka maso, akudikira kuti chizungulire chidutse. Pawindo panali timapepala ta mapilisi a mutu, tambirimbiri, tonse topanda kanthu. Anaima pamenepo ndi kambale kake, osadziwa pokaika.

Tsiku loti mawa lake ndi la kuchipatala, Telala ankachapa mabulangete kuseri kwa nyumba, chifukwa apongozi ake anati wodwala sangakaonekere kwa achipatala akununkha thukuta. Dalaivala anabwera n'kukhala pamwala.

"Mawa ndikupita nanu," anatero Telala osadzutsa mutu.

"Amayi ati andiperekeza ndi iwo."

"Akuperekezeni. Inenso ndikupita. Ndikunyamulirani chikwama, ndikakhala pa benchi. Mukatuluka, ndikapempha kabotolo kangakanga."

"Paja tinagwirizana kuti..."

"Munagwirizana nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Dzulo ndinagwa kuchitsime, anachita kundidzutsa anzanga. Bodza lanu sindiulula, ndinalowamo ndekha, manja anga omwewa ndi amene anagwira kabotolo kaja. Koma kulifera ayi."

"Ukufuna ntchito ithe?"

"Ntchito ikatha mudzapeza ina. Kapena mkazinso mudzapeza wina, n'chifukwa chake simukufulumira?"

Dalaivala anadzuka, anagwira mbali ina ya bulangete, ndipo anafinyira limodzi. Madzi ankatsikira m'mapazi mwa Telala.

Chipatala chake chinali chaching'ono, cha zipinda zochepa ndi benchi yaitali pakhonde. Telala anakhala pa benchiyo pakati pa mayi woyamwitsa ndi mkulu wina wa bala pamwendo. Dalaivala analowa ndi mayi ake, amene anakana kwamtuwagalu kutsala panja.

Namwino anali mayi wa magalasi, wa imvi zongoyamba kumene. Anamupatsa Dalaivala kabotolo n'kumulozera chimbudzi. Atabwera nako, namwino anaviikamo kapepala kakang'ono ngati kachitsotso, anadikira pang'ono, kenako anakayandikiza pa mitundu yojambulidwa pa chitini.

"Kachikasu ndithu. Mulibe kanthu umu."

"Ambuye alemekezeke!" anafuula mayi aja, manja ali m'mwamba. "Nkhuku zanga sizinafe pachabe."

"Nkhuku sizichiza impso, amayi," anatero namwino akumwetulira. "Zimachitika kuti munthu akatentha thupi kapena akagwira ntchito yolemetsa, mapuloteni amaoneka mumkodzo tsiku limodzi, kenako n'kusowa. N'chifukwa chake sitiweruza ndi ulendo umodzi, timayeza kawiri. Koma tsiku lija kapepala kanabiriwira kwambiri, mpaka ndinabwereza. Ochuluka ngati aja kusowa okha..."

Anapukusa mutu. Anamumanga Dalaivala lamba pamkono n'kumuyeza kuthamanga kwa magazi, anamudina pa akakolo ndi chala, anamuyang'ana m'maso.

"Kaya. Muli bwino, bambo. Lolemba mukhoza kubwerera pa lole."

Dalaivala anaimirira. Mayi ake anali atafika kale pakhomo, akuuza aliyense wa pa benchi kuti mwana wawo wachira. Chitseko chinali chotsegula, ndipo Dalaivala anamuona mkazi wake, chikwama chija chili pamiyendo. Anali atavula patapata. Ankadina chala pamwendo wake n'kuchotsa, ndipo kadzenje kankatsalira pomwepo, osabwerera.

"Anamwino," anatero Dalaivala asanatembenuke, "mwati mumayeza kawiri. Munthu akabwera lero koyamba, ndiye kuti adikirenso masabata awiri?"

"Kawirikawiri timatero, kuti titsimikize. Bwanji?"

Dalaivala anabwerera n'kukhalanso pampando uja.

"Mkodzo wa tsiku lija sunali wanga."

Mayi ake anabwerera m'chipinda ngati wina wawakoka nsalu.

"Ukuti chiyani, iwe?"

"Unali wa akazi anga. Ndinamwa mowa dzulo lake, ndinaopa kuti aupeza. Ndinawapempha kuti adzaze ndi iwo."

Namwino anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mowa? Bambo, kapepala aka mowa sikaudziwa n'komwe. Ife timafuna shuga ndi mapuloteni basi. Ali kuti mayiwo?"

"Ali pa benchipo."

"Aitaneni. Ayi, musawaitane, kawatengeni."

Telala analowa mwamuna wake atamugwira mkono, anthu a pa benchi akuyang'ana. Namwino anangoona mapazi aja n'kusiya kumwetulira. Anamupatsa kabotolo kake, ndipo kapepala kataviikidwa sikanachedwe, kanasanduka kobiriwira ngati tsamba la nthochi. Lamba wa pamkono nayenso ananena zake: magazi ankathamanga kwambiri.

"Zinayamba liti, mayi?"

"Mvula isanayambe."

"Mutu?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Mumamwa chiyani ukamapweteka?"

"Mapilisi a kugolosale. M'mawa, masana, nthawi zina ndi madzulo."

"Amenewo muwasiye lero lomwe. Mapilisi ena a ululu amawonjezera nkhuni pamoto." Namwino anakoka mpando wake n'kuyandikira. "Mumadziwa sefa ya ufa? Impso zili choncho. Zimasefa magazi, zoipa zimatuluka ndi mkodzo, zabwino zimatsala. Sefa ikayamba kubooka, zabwino nazonso zimadutsa, ndipo mapuloteni ndi amene amayamba kuoneka. Thovu lija ndi limenelo, kutupaku ndi komweko. Poti uwu ndi ulendo wachiwiri, sitidikiranso. Mawa mupite kuchipatala chachikulu, akayeze magazi, mukaonane ndi dokotala. Mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi muyambe lero."

Telala anayang'ana kapepala kobiriwira kaja.

"Ndifa, anamwino?"

"Mwabwera mukuyenda nokha, mayi. Ambiri amafika pano atanyamulidwa, chifukwa impso zimadwala mwakachetechete, sizilira ngati dzino. Magazi atiuza zambiri, koma ine ndikuona kuti nthawi ilipo." Kenako anatembenukira kwa Dalaivala. "Inu, bambo, ndilemba zimene ndapeza lero, kuti muli bwino. Koma zoyamba zija ndizichotsa pa dzina lanu, ndipo akukampani akandifunsa chifukwa, ine sindinama. Kuli bwino akapitawo amve kwa inu."

"Ndikawauza."

Atatuluka panja, mayi ake a Dalaivala analanda chikwama m'manja mwa mpongozi wawo n'kuchiponya pachifuwa cha mwana wawo.

"Nyamula wekha. Mazira a azakhali ako wadya iwe. Amayi a kutchalitchi alirira iwe. Nkhuku yanga yoyera, yoikira, wadya iwe, munthu wa impso ziwiri zabwinobwino! Ndikawauza chiyani anthu?"

"Amayi, anthu akumva."

"Amve! Pamene ndinkatukwana mwana wa eni pakhonde, iwe unali m'chipinda, sunkamva?"

Dalaivala anawerama. Mayi ake anapuma mwamphamvu, anakonza mpango wawo, kenako anatembenukira kwa Telala. Mawu awo anali atatsika.

"Nanunso, apongozi, bwanji osandiuza?"

"Ndinkakuuzani, amayi. Mapazi. Mutu."

Mayi aja anayang'ana pansi nthawi yaitali. Anaona mapazi aja, mwina koyamba.

"Munandiuza," anatero. "Munandiuzadi."

Anawerama, anatola patapata wa mpongozi wawo amene anali atavuka, namuika bwino pansi pa phazi lake. Kuyambira pamenepo mpaka pokwerera galimoto anayenda pang'onopang'ono pambali pake, Dalaivala ali kumbuyo ndi chikwama.

Kuchipatala chachikulu Telala anapita ndi apongozi ake, poti tsiku limenelo Dalaivala anali mu ofesi ya akapitawo, chipewa chili m'manja. Dokotala anati impso zavulala koma sizinafe, ndipo zikhoza kumusunga zaka zambiri ngati amwa mankhwala osadumphitsa, achepetsa mchere, ndipo abwera mwezi ndi mwezi kudzayezetsa mkodzo ndi magazi. Mayi aja anafunsa mafunso ambiri kuposa wodwalayo, ndipo atafika kunyumba anatenga chitini cha mchere n'kukachitsekera m'chipinda mwawo.

Akapitawo anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, koma ntchito siinathe. Anamutsitsa Dalaivala pa lole kwa mwezi wathunthu n'kumuika kunyamula matumba. Nkhani inawanda pakampani ponse. Anzake ankati akamuona akubwera, wina ankamukokera mpando n'kunena kuti, "Khalani pansi, mayi, mapazi angatupe." Iye ankangoseka nawo, n'kusenza thumba lake.

Patapita masabata angapo, akakolo a Telala anayamba kuoneka. Mutu unasiya kugunda. Atapita kukayezetsa, kapepala kaja kanali kobiriwirabe koma motuwa, ndipo namwino anati, "Tikupita bwino, musasiye."

Tsiku lina dzuwa lisanalowe, Dalaivala anafika kuchokera kuntchito, fumbi la matumba lili m'tsitsi. Anamupeza mkazi wake pakhonde, anakhala pambali pake n'kutambasula miyendo. Mayi ake anali kukhitchini, akulimbana ndi mbale.

"Ndiwo za amayi zopanda mcherezi zindipha ine," ananong'ona.

"Simufa. Mwayezedwa, muli bwino."

Dalaivala anaseka. Anayamba kuchotsa timinga ta thumba pa malaya ake.

"Koma tikaganiza bwino, mayi, ndikanapanda kumwa Lamlungu lija, matenda akowa akanapezeka? Mowa uja unathandizatu."

"Ndakumva!" anafuula mayi ake kukhitchini. "Bwerezanso, uone chikho ichi pamene chitere."

Telala anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Panali patapita nthawi asanaseke choncho.

"Mukauthokoze kutali mowa wanuwo," anatero atapeza mpweya. "Pakhomo pano usafike."

"Nanga ine?" anafunsa Dalaivala. Anafunsa ngati nthabwala, koma maso ake sankaseka.

Telala anamuyang'ana: fumbi m'tsitsi, masaya aja atabwerera m'malo mwake, mapewa atasupuka ndi matumba.

"Inu munachedwa, bambo," anatero. "Koma munafika. Tanditungireni madzi, nthawi ya mankhwala yakwana."